Tenti Yosokedwa Kawiri

Mayi wina telala anaima pakati pa matenti awiri m'sitolo, mtima uli m'mwamba. Mwana wake wachisamba, mtsikana wodwala mphumu, ankapita ndi anzake a kusukulu kukagona kuphiri masiku atatu, ndipo adokotala anali atanena mosapsatira kuti chifuwa chimenechi sichifuna kunyowa.

Tenti yoyamba mtengo wake unali wofuna kuumva utakhala pansi. Yachiwiri inali yotchipa mokayikitsa.

"Zikusiyana pati, bambo?" anamufunsa wogulitsa.

"Yodulayi mvula siilowa, mayi. Inayi, eee, nayonso ndi tenti."

Mayiyo anatembenuza matenti onse kuti aone mkati, khalidwe la telala aliyense akagwira chosoka mnzake. Nsalu sinkasiyana kwenikweni. Koma misoko ya yotchipayo inamukwiyitsa: mzere umodzi wokha, ulusi wotayana, pamwamba atamatapo kapulasitiki kopyapyala ngati akubisa manyazi. Ndiye iyeyo, zaka makumi awiri ali pa makina, alipire ndalama zonsezo chifukwa cha msoko? Anagula yotchipa.

Masiku awiri sanagwire chovala cha kasitomala. Anamatula kapulasitiki kaja konse, n'kusoka msoko uliwonse kawiri, ndi singano yaikulu ndi ulusi wa jinzi, mothinana bwinobwino.

"Amayi, ndiyetu mwaisandutsa thalauza," anaseka mwana uja.

"Seka. Za anzako zikamakang'ambika ndi mphepo ukandikumbuka."

Lachisanu m'mawa basi inanyamuka, mafoni a ana onse ali m'chikwama cha aphunzitsi. Pofika masana kunja kunada bii, ndipo mvula itayamba, achimwene ake a mayiyo, amene amasoka malona ophimbira katundu pa magalimoto akuluakulu, analowa m'shopu ya mlongo wawoyo kudzabisala. Mayiyo anawathirira tiyi n'kuyamba kudzichemerera za tenti ija, mwina pofuna kukhazika pansi mtima wake womwe.

Achimwenewo anasiya kutakasa tiyi.

"Mlongo wanga, kapulasitiki kaja unabwezerapo?"

"Kachinyengo kaja? Ndinataya."

"Paliponse padutsa singano ndi bowotu. Kapulasitikiko ndi kamene kamatseka mabowowo. Ife tikasoka lona timamata, apo ayi katundu amafika atanyowa."

"Achimwene, musandiphunzitse kusoka. Msoko wanga mphepo siidutsa."

"Mphepo ayi. Ndikunena madzi."

Koma makani a mayiyo anali asanathe. Anasolola kansalu kotsala ka jekete la mvula, n'kukayendetsa pa makina mmene anachitira ndi tenti ija, mizere iwiri. Achimwenewo anakagwira m'makona anayi, iye n'kuthirapo madzi a m'kapu. Kwa kanthawi kunsi kunali kouma gwa, mpaka anatsegula pakamwa kuti awanene. Kenako dontho linatuluka pa msoko. Lina pambali pake. Posakhalitsa madontho anandanda mzere wonse, mwadongosolo ngati mmene iye amasokera.

Anaimbira aphunzitsi. Nambala sinkapezeka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anayesa kusukulu, komwe mayi wa muofesi anamuyankha mokoma kuti asadandaule, kuphiri kulibe netiweki, ndipo ana onse ali ndi matenti.

Malata a shopu ankasokosa moti munthu sakanamva mnzake. M'maganizo, mayiyo ankangoona mwana wake atakhala tsonga m'kati mwa tenti, bulangeti litanyowa, akufunafuna mpweya, ndipo wofatsa uja sangadzutse aphunzitsi chifukwa cha madontho. Bowo lililonse analiboola ndi iyeyo, mosamala, ndi chikondi chake chonse.

Anakoka pulasitiki yaikulu imene inkaphimba madiresi a ukwati a makasitomala kuti akaphimbire tenti ija, madiresiwo n'kugwera pansi, iye osawayang'ana n'komwe.

"Achimwene, galimoto mwabwera nayo?"

"Ili panjapo."

"Kuphiri ndi maola angati?"

Achimwenewo anasuzumira pakhomo, pamene madzi anali atayamba kale kusefukira mu ngalande.

"Anayi," anatero. "Msewu ukakhala wouma."