Matcheni a Galimoto Yakale

"Agogo, akuti galimoto imeneyi imakwera paliponse. Nanga kutsika imatsikanso paliponse?"

Anandifunsa choncho mdzukulu wanga Ilinca, tsiku limene Horia, woyandikana nafe nyumba, anabweretsa galimoto yatsopano m'mudzi mwathu. Munali mu Seputembala. Anthu anaseka, Horia anaseka koposa onse. Ine galimotoyo ndinali ndisanaidziwe.

Inali ya mtundu womwewo umene Horia anayendera zaka khumi ndi ziwiri, koma opanga anali ataisintha kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Inatambalala, matayala anakula, ndipo onse anayi ankakoka. Ku tauni ya Suceava anamuonetsa ziwiri, ya buti wamba ndi ya msana wautali. Mkazi wake Smaranda anali woyembekezera, ndiye anasankha ya msana wautali poganizira kangolo ka mwana.

"Matayala a nyengo yozizira wagula?" ndinamufunsa mu Okutobala.

"Madala, imeneyi imayenda ndi miyendo inayi ngati chimbalangondo. Ndigula mwezi wamawa. Matcheni oletsa kuterera, omanga kumatayala a yakale ija, ndinasunga."

Chipale chofewa sichinadikire mwezi wamawa. Kunayamba mvula, mvulayo inaundana pamsewu, kenaka chipale chinagwa pamwamba pake n'kubisa zonse.

Lachinayi m'mawa Horia anagogoda kwathu alibe ndi chipewa chomwe.

"A Ilarie, nsupa yasweka. Kunatsala masabata atatu, koma yasweka. Ambulansi akuti ikatidikira pamlatho, kuno siyingakwere."

Kuchokera kunyumba zathu kukafika pamlatho ndi makilomita atatu otsetsereka okhaokha. Poipa kwambiri ndi pakhona ya kumunsi kwa tchalitchi, pamene msewu umakhotera kumanzere. Ukalephera kukhota umakumana ndi mpanda wa matabwa ofumbwa, kuseri kwake chigwembe ndi mtsinje.

Tinagwada pa chipale n'kuyala tcheni kuseri kwa tayala lakutsogolo. Ndinazunguliza, ndinakoka, koma nsonga ziwiri zinakana kukumana. Panatsala danga lolowa chikhatho.

"Kokani, madala."

"Ndikukoka. Tayala ili ndi lalikulu kuposa la yakale ija. Tcheni sakula ayi."

Tinayesa tayala lina ngati kuti lingakhale losiyana. Zamakina ndinaphunzira kusukulu ya madzulo, ndipo zimenezi ndinayenera kuziona tsiku lomwe galimoto inafika. Sindinazione, choncho ndinalibe pakamwa pomunenera mnzanga.

Smaranda anatulukira pakhomo atafunda bulangeti, dzanja lina litagwira mphuthu.

"Amuna awiri, tcheni mmodzi. Ndiberekere pakhonde pompano?"

"Titsika choncho," anatero Horia. "Imakoka ndi anayi."

"Kukoka n'kwa pokwera," ndinamuuza. "Potsika galimoto iliyonse imaima ndi matayala anayi, ngakhale yakale ija. Chosiyana ndi mphira, ndipo wako ndi wa chilimwe."

Anandiyang'ana, nkhope itachita mbuu. "Ndiye titani?"

Kwathu kuno, madzi akaundana, amayi amathira phulusa la m'mbaula panjira ya kutchalitchi kuti okalamba asagwe. Ndinapala mbaula yathu, Horia anapala yake mpaka moto unazima, ndipo mkazi wanga Veturia anathamangira nyumba ziwiri zapafupi. Zinakwana ndowa zisanu ndi imodzi, zina zikufukabe. Tinaziika kumsana kuja kumene kunayenera kukhala kangolo ka mwana. Veturia anakhala kumbuyo ndi Smaranda.

"Ika giya yotsikitsitsa," ndinamuuza Horia. "Buleki uziiponda ngati pansi pa phazi pali dzira."

Kilomita yoyamba inatsika bwino, galimoto ikukwawa. Titafika patchalitchi ndinatsika, ndinatenga ndowa ziwiri n'kuyamba kuyenda patsogolo chafutambuyo. Ndinkathira mizere iwiri, uliwonse pamene tayala lidzaponde. Pansi pa chipale msewu unali ngati galasi. Ineyo ndinagwa kawiri.

Ndinali nditathira theka la khona pamene Smaranda anabuula m'galimoto, kubuula kwakukulu. Horia anacheuka. Pocheukapo chiwongolero chinapotoka, matayala anachoka pamizere ija, ndipo iye anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse.

Galimoto siinathamange. Inangobwera pang'onopang'ono, chammbali, mabuleki akulira gududu, mchira ukulowera kumpanda. Ndinaona nkhope ya Veturia pazenera, pakamwa pali yasa. Ndowa imene ndinanyamula inali yodzaza theka. Ndinaikhuthula yonse pansi pa tayala lakumbuyo limene linkandidutsa.

Tayala linaponda phulusa n'kugwira. Galimoto inagwedezeka, inatsetserekanso pang'ono, kenaka inaima. Pakati pa bampala ndi mpanda munthu sakanadutsa.

Horia anatsegula zenera.

"A Ilarie, yendetsani inu. Ine sindingathe."

"Ndikayendetsa ine, phulusa athira ndani? Iweyo ungathire ngati mchere mu supu. Zatsala ndowa zinayi, sizofunika kumwaza."

"Ndawapha onse."

"Sunaphe munthu," anatero Smaranda kumbuyo, mawu akutuluka m'mano. "Yendetsa, Horia. Ndikabuulanso usacheuke. Ndibuula ndithu."

Ndinathira phulusa kutsogolo kwa tayala lililonse. Horia anaponda mafuta pang'ono, matayala onse anayi anagwira pamodzi, ndipo galimoto inadzikoka kuchoka pampanda kubwerera pamsewu. Pamenepo ndiye inachita zimene anaigulira. Ndinayendabe patsogolo mpaka ndowa yomaliza inatha, patangotsala pang'ono kufika pamene msewu umayamba kusalala. Smaranda anabuula katatu. Horia sanacheuke.

Ambulansi inalipo pamlatho, injini ikulira. Anamunyamula Smaranda pamachira, Veturia atamugwira dzanja mpaka pakhomo pa ambulansiyo. Namwino anati nthawi ikadalipo, koma asachedwe.

Horia anandipatsa makiyi ndi phazi limodzi lili kale m'ambulansi.

"Galimotoyi ikhale pompano. Siyikweranso phiri ili mpaka nditaiveka matayala oyenera, ndalumbira." Anaima kaye, n'kuyang'ana kumtunda kumene kunali nyumba zathu. "Mbaula ija ndinazimitsa. Nyumba izizira, mapaipi aphulika. Mwana adzafikira m'chiyani?"

"Pita," ndinamuuza. "Ndikangofika ndikoleza. Moto umenewo sudzazima mpaka mutabwera atatu."