Mjigo wa Pachilumba

Kale malire anali mtsinje wa Kamphanda: kuzambwe a Mitundu, kuvuma a Nathenje. Koma chaka china cha mvula yoopsa mtsinjewo unasiya khwawa lake n'kukumba lina chakuvuma, pakati n'kutsala dothi lakuda lomwe anthu anangolitcha Pachilumba. Oyamba kumangapo anali Achewa osowa minda, kenaka Angoni ndi ng'ombe zawo. Nkhondo itavuta ku Mozambiki, othawa kwawo anadzazapo. Zipora anafikapo nyumba zili zowerengeka. Tsopano utsi unkafuka paliponse, koma madzi anali omwewo a m'khwawa, omwera pamodzi ndi ng'ombe.

Galimoto yokumba mjigo itafika, Zipora anasiya chimanga pamphasa, n'kubereka mwana wake Dorica, ulendo. Anapeza makina ali zii, okumba atakhala pamthunzi, akuluakulu awiri akulozana zala.

"Malire ndi madzi," ankatero a Esau, nyakwawa ya tsidya la Mitundu. "Pomwe akuyenda madzi ndi pomwe pali malire. Anthuwa ndi athu, mjigo ukakumbidwe kwathu."

"Madzi ali ndi nzeru, achimwene?" anayankha a Efulemu, apampando a chipani a tsidya la Nathenje. "Mawa akadzadutsa pakhomo panu, akazi anu adzakhala anga?"

Kapitawo wa okumba anayasamula. "Ife tatumidwa kukumba pamudzi wochuluka anthu, osati kuweruza milandu. Dzuwa likafika pamutu tikupita ku Malingunde."

Zipora anayang'ana dzuwa, mtima n'kuwawa. Kwa a Esau kunali kutali, kwa a Efulemu kowoloka mtsinje. Iwo akazi awo anali ndi zitsime pafupi, n'chifukwa chake malovu sankawathera.

"Chabwino," anatero a Efulemu, akukonza baji pachifuwa. "Mudzi umadziwika ndi manda. Anthuwa maliro amaika kuti?"

"Kwathu!"

"Bodza, kwathu!"

"Pepani, azibambo." Zipora sanagwade bwinobwino, bondo linangokhudza pansi n'kudzuka. "Mwati manda? Mwana wanga Isake atamwalira ndi matenda otsegula m'mimba, tinabwera kwa inu a Esau. Munati chiyani?"

A Esau anayang'ana kumbali.

"Munati bambo wake, a Yona, ndi Mngoni, anapereka malowolo, ndiye mwana ndi wa kuchimuna, tipite naye tsidya kwa Angoni. Tinawoloka naye, madzi m'chiuno. Inu apampando munati mayi ndi Mchewa, mwana ndi wa kuchikazi, tibwerere kwa Achewa. Mtembo kuyenda ngati wogulitsa tomato!"

"Mayi, nkhani za akuluakulu..."

"Akuluakulu ake ati? Amene anakumba manda ndi anthu a ku Mozambiki awa, omwe mumati si anthu anu pokhapokha pogulitsa makadi a chipani. Taonani pachulu paja pali nkhadze. Isake ali pamenepo. Pambali pake pagona agogo a ku Tete, ndi mwana wa Angoni a kumtunda. Mwanena nokha kuti mudzi ndi manda. Manda tili nawo, munatipatsa ndinu."

Dorica anayamba kulira kumsana. Zipora anamugwedeza mwaukali, n'kutembenukira kwa kapitawo.

"Bambo, uyu yekha ndiye wanditsalira. Madzi a m'khwawa samwanso. Mukumba kapena simukumba?"

Kapitawo anayang'ana chulu chija, n'kuyang'ana nyumba zomwe zinali mbwee mpaka kudambo. Anaimirira, n'kukutumula fumbi pathalauza.

"Anyamata, lizani makina. Kumtunda uko, kutali ndi manda."

"Ndiye mukanena kuti mwakumba m'dera la yani?" anafunsa a Esau.

"Funso limenelo ndi langa!" anakalipa a Efulemu.

Injini inabangula n'kumeza mawu awo onse. Milomo yokha ndiyo inkaoneka ikugwedera, zala zikulozabe makwawa awiri aja. Zipora sanadikire kuti aone wopambana. Anakumbukira kuti chimanga anachisiya poyera, ndipo nkhuku za Pachilumba sizifunsa kuti mphasa ndi ya mtundu wanji.