Katoni Patsogolo pa Ladiyeta

Njinga yamoto ija ndiyo inkandidyetsa. Ndinkanyamulira katundu wa m'masitolo kukapereka kwa ogula, ndiye ndinkaisamala kuposa thupi langali. Lamlungu lililonse ndinkaona ngati madzi oziziritsa injini afika pamzere, kufinya mapaipi kuti ndimve ngati ayamba kuuma, kenako kuchotsa matope m'timipata ta ladiyeta ndi mswachi wakale. Timipatato tikatsekeka mphepo sidutsa, injini imapsa. Nkhani yake ndi yomweyo basi.

Koma alamu anga, amuna a achemwali, ayi ndithu! Munthu wobwereka chinthu ngati anagula ndi iye. Ankaibweza ili matope okhaokha mpaka m'ladiyeta, ine n'kuyamba kulalata.

"Alamu, kodi munakalima nayo?"

"Iii, mwayambapo! Kachitsulo komweka mpaka kukatsuka m'mano? Kwatirani alamu, mupeze chosamala."

Tinkatukwanizana mpaka achemwali kutseka mawindo.

Tsiku lina njingayo inagona kwawo. Mawa lake masana ndinangoona alamu akubwera akuikankha, thukuta lili kamukamu, injini ikununkha chopserera. Nditapita nayo kwa makaniko, iye anapukusa mutu. "Iyi yapita, yapsa mkati monse." Kenako analoza kuseri kwa tayala lakutsogolo. Panali katoni yomangidwa ndi waya, yotseka ladiyeta yonse.

Mtima unandiwira. Ndinafika kwawo katoniyo ili m'manja, n'kuiponya patebulo pomwe ankadyera.

"Mutu wanuwo ndi wongovalira chipewa? Mwandiphera ntchito inu! Ndidya chiyani ine?"

"Musandiloze chala m'nyumba mwanga," anatero alamu. "Katoniyo sindikuidziwa."

"Bodza! Chitsiru cha munthu!"

Ndinawagwira pakolala, tebulo linapendekeka, mbale phwaa pansi.

"Asiye, iwe!" anakuwa achemwali. "Ndinamanga ndine!"

Ndinacheuka.

"Ndinatopa nako kulalata kwako. Matope, matope, tsiku ndi tsiku! Ndimati ndikatseka pamenepo salowanso, mwina awirinu mungakhale chete ngakhale tsiku limodzi."

Ndinawasiya alamu aja. Ndinabwera kudzamenya munthu, koma osati achemwali amene anandilera amayi atamwalira. Ukali wonse uja unasowa kolowera.

Alamu anakonza shati yawo pang'onopang'ono, n'kukatsegula chitseko.

"Tulukani. Pakhomo pano musadzapondenso."

Ndinayang'ana achemwali kuti mwina anenapo kanthu. Iwo anagwada n'kuyamba kutola mbale zosweka.