Mbuya wa aDaka Alowa mu Okushoni

Ng'ombe imodzi siilima. Izi ngakhale mwana wa ku Ndake adziwa. Ndiye pamene ng'ombe ya Grace, Zumbo, inafa ndi matenda a nkhupakupa, n'kusiya mnzake Tete ali yekhayekha m'khola, Grace anadziwa kuti munda wawo ugona chaka chimenecho akapanda kupeza ng'ombe ina mvula isanagwe. Mwamuna wake, aMateus, msana unali utawakana kale, moti za khasu la manja iwalani. Ng'ombe yabwino inalipo m'dela la kwa Nyalugwe, koma mwini wake anali kufuna K8,000, osachotsako ngakhale ngwee. Chuma chonse cha Grace chinali mbuzi khumi, zonenepa bwino, zoleledwa ndi makoko a nthochi.

Masiku amenewo ku Nyimba kunali kutabwela okushoni ya pa foni. Hilary, uja wa kashopu kotumizila ndalama pamene paima mabasi, anatsegula gulu pa WhatsApp. Ukakhala ndi chogulitsa ujambula chithunzi n'kuika pagulu m'mawa. Ofuna alemba mitengo, wina pamwamba pa mnzake, ndipo dzuwa likalowa Hilary atseka. Wa mtengo waukulu ndiye atenga. Kumva kwake kokoma, si choncho? Dikilani.

Pagulupo panali aDaka. Bambo Fabian Daka, mkulu wa mpingo, amene agula mbuzi ndi nkhumba n'kumakweza pa lole kupita nazo ku Lusaka. Sanali munthu woipa, ndisawanamizile. Pamalilo ndiwo oyamba kufika, mkazi akadwala usiku lole yawo ndiyo ambulansi. Koma akangolemba mtengo pagulu, gulu lonse zii! Ndani angalembe pamwamba pa munthu amene anamukhalila nkhoswe? Anthu anali kungoyankha kuti "Zikomo atate," ena n'kuponyapo tizithunzi ta manja opemphela. Asa! Okushoni yanji imeneyo, yogula munthu mmodzi? Njinga, nkhumba, ngolo, zonse zinali kupita kwa aDaka pa mtengo wa nkhuku.

Kwa Grace nkhaniyi inali yolemela kawili. Makolo ake anachokela ku Mozambique pothawa nkhondo, iye ali kumsana, ndipo amene anawapatsa malo olima anali atate awo a aDaka.

"Amake Tasila," anatelo aMateus atamva kuti afuna kuika mbuzi pagulu, "aDaka akalemba, ungothokoza basi. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Ife ndife obwela."

"Obwela mpaka liti, atate ake Tasila? Ine mano ananditulukila konkuno."

"Ndakuuza."

"Nanga munda tilima ndi zikomo?"

aMateus anangotembenuka n'kuyang'ana kukhola kumene Tete anali kulila mnzake.

Mlungu womwewo mlongo wawo wa aDaka anamwalila ku Petauke, ndipo Grace anapita nawo pa lole ya aDaka pamodzi ndi amai a kumpingo. Atachoka kumanda, anthu atakhala pansi mitu ili yowelama, panatulukila mai wina wamtali, Mbemba, chitenge chili m'chiuno, mbale ya ufa ili m'manja. Analunjika kwa aDaka. Abale inu, mkulu wa mpingo, jekete lakuda lochita kusita! Mai uja anatapa ufa n'kuwathila kumutu, kumaso, mpaka m'makutu, nati, "Lekani kukwinya nkhope, odya mbewa inu. Mlongo wanu wapita kumene mbewa n'zonona." Grace anagwila pakamwa. Koma aDaka, ali mbuu ngati atuluka m'chigayo, anaseka koyamba tsiku limenelo, napisa m'thumba n'kumupatsa maiyo kandalama.

Ndicho chimbuya chimenecho. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa kuno ndi ambuya: atukwanizana, alandana chakudya, athilana ufa pamalilo, ndipo wokwiya ndiye achita manyazi. Mbemba ati ife tidya mbewa, ife titi iye adya anyani. Grace anakula akuziona zimenezi, koma tsiku limenelo anaziona ndi maso ena. Pa dziko lonse la Mulungu panali mtundu umodzi wa munthu woti angalembe pamwamba pa aDaka, iwo n'kusekelela.

Anafunsa dzina. Anali amai Mildred Bwalya, a ku Kasama, amene awotcha nyama ya mbuzi pafupi ndi msika wa Petauke. Lole isananyamuke, Grace anawapeza kuseli akusamba m'manja, nawaonetsa zithunzi za mbuzi zake pa foni.

"Izi n'zako? Ugulitsa zingati?"

Grace anafotokoza zonse, za Zumbo, za gulu, za zikomo atate. "Sindikupemphani kuti munamize, amai. Mukapambana, mbuzi mutenga ndithu."

"Mbuzi zotele ine ndizifuna lelo ndi mailo," anatelo aMildred. "Ndipo ukuti Fabian ndiye agula yekha? Ndilowetse, mwana iwe. Ndilowetse msangamsanga!"

Tsiku la okushoni Grace anaika zithunzi m'mawa, nakakwela pa chulu cha kuseli kwa khola, poti kwawoko netiweki imagwila pamenepo chabe. Sipanapite nthawi aDaka analemba: K3,000.

Zikomo atate. Zikomo atate. Manja opemphela, manja opemphela.

Dzuwa linafika pamutu, aMildred osaoneka. Linapendeka, osaoneka. Grace anaimba foni, sinayankhidwe. Mantha anamugwila zenizeni. Lamulo la Hilary linali lakuti chimene waika pagulu subweza. Mbuzi khumi zipite, ng'ombe osaigula, ndiye atsala ndi chiyani? aMateus anabwela m'munsi mwa chulu atagwila msana, nangoti, "Walila mvula walila matope."

Pomwepo foni inalila. Sunali mtengo wolemba chabe, unali uthenga wa mawu, ndipo kumbuyo kwake kunali kumveka nyama ili chwee pamoto.

"Odi kuno, a kum'mawa! Pepani ndachedwa, ndinali kudyetsa anthu. Ndaona wina walemba K3,000 pa mbuzi khumi. Fabian, mwayesa ndi mbewa zimenezi, zimene mukumba zaulele m'munda? Izi ndi mbuzi, bambo, zili ndi nyanga. Ine K4,500."

Grace anaona anthu akuyamba kulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Ndiye wina wolimba mtima anaponya kachithunzi koseka mpaka misozi, ndipo tizithunzi totelo tinangoti mbwee.

aDaka nawo anatumiza mawu. "Ndani watsegulila nyani m'munda? Wodya anyani adziwa chiyani za mbuzi? K5,000."

"K5,500. Mukagule misampha ndi chenji."

Apa panachitika chimene ngakhale Grace sanachiganizile. Webster, wa butchala ya ku Nyimba, amene chitsegulile gulu anali asanalembepo nambala, analemba K6,000, n'kuonjeza kuti, "Pepani atate, ndingothandiza kuthamangitsa mlendo." Ha, kuthamangitsa mlendo! Mbuzi anali kuzifuna uyo, anangopeza polowela. aDaka anakweza, Webster anakweza pang'ono n'kugwa, aMildred nalemba K7,500.

Kenako zii.

Dzuwa linali litakhudza mapili. Grace anayang'ana nambala ija mpaka maso kuwawa. Inali ndalama yambili, yoposa imene analota, koma ng'ombe ya kwa Nyalugwe sinali kufikika. Kutsala pang'ono chabe! Mwini ng'ombe uja anali wouma ngati chitsa. Hilary analemba kuti atsala pang'ono kutseka. aMateus, amene msana unawakana, anapezeka ali pamwamba pa chulu, akusuzumila pa phewa la mkazi wawo.

aMildred anatumizanso mawu, mofatsa, ngati munthu wokhuta. "Hilary mwananga, tseka. Mailo ndibwela kudzatenga. Mbuzi za ku Nyimba zikaphunzile Chibemba, poti amuna a kumeneko matumba awo ndi obooka."

Yankho la aDaka silinachedwe, ndipo linamveka kuti mwini wake waimilila. "Ine ndili moyo? Mbuzi za kwathu zidyedwe ndi Mbemba ine ndikupenya? Iyayi! K8,500!"

"Tengani, mbuya wanga," anatelo aMildred akufa nazo nseko. "Ine mbuzi za golide sindiwotcha."

Hilary anatseka.

Grace anatsika pa chulu paja akululuta, foni ili m'mwamba, nkhuku zili balala. Anavina pabwalo fumbi kobo, Tasila naye nalowa m'bwalo osadziwa n'komwe chimene avinila. aMateus anangokhala pa chulu pomwepo akupukusa mutu, koma mano onse ali panja.

M'mawa mwake lole ya aDaka inafika. aMateus anapezeka ndi ntchito yofulumila kuseli kwa nkhokwe. Grace anagwada n'kupeleka moni. aDaka anazungulila mbuzi, nazigwila misana imodziimodzi, natumiza ndalama pa foni osachotsako kanthu.

"Mwana wanga, ndani analowetsa mkazi uja pagulu?"

Grace anayankha ali chigwadile: "Ndine, atate."

aDaka anaseka mpaka kutsamila lole. "Wanditchela msampha ndi mbuya wanga yemwe! Atate ako anali munthu wofatsa, nzelu izi unazitenga kuti? Koma mbuzi n'zabwino, sindinaluze. Ukagule ng'ombe yako."

Lole itangochoka, foni inalila. Anali aMildred.

"Iwe wodya mbewa, wamva kukoma? Unditumizile mkoko wa nthochi pa minibasi, apo ayi ndibwela kudzakuthila ufa."

Grace anaima chilili. Moyo wake wonse anthu anali kumutchula mwaulemu kuti uja wa ku Mozambique. Palibe anali atamutukwanapo kuti wodya mbewa. Lelo wina anamuyesa wa kum'mawa weniweni, ndipo anakondwa.

"Nthochi n'za anyani, amai," anayankha. "Nditumiza mikoko iwili, mugawane ndi abale anu."

Ng'ombe ya kwa Nyalugwe inafika mitambo itayamba kale kuda, ndipo Grace anaitcha Mbuya. Mvula yoyamba itagwa, anthu odutsa pa njinga anali kuima m'mbali mwa munda kuonelela. aMateus anali kutsogolo atagwila chingwe, goli lili pa makosi awili, Grace ali pambuyo manja pa pulawo.

"Tete! Mbuya! Tiyeni!" anakuwa, ndipo nthaka inang'ambika.