Nyumba Yapita Kukagula Madonasi

Kuchokera pabedi kufika pachiwongolero ndi mapazi asanu ndi limodzi. Ndikudziwa chifukwa amuna anga a Orval anakhala akuwerenga mokweza sabata yonse yoyamba, kupita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, mpaka ndinawauza kuti akapitiriza ndiwamangirira pampando.

"Nadine, muno munthu akayetsemula agunda khoma," iwo anatero.

"Ndiye muziyetsemulira panja."

Tinakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'kalavani yaikulu, ija yokolowekera m'bodi ya pikapu, yaitali ngati basi. Inali ndi masitepe okwera kuchipinda, makoma otambasukira kunja ukaimika, firiji ya zitseko ziwiri. Chisanu chikayamba kwathu ku Fargo tinkaikoka kubwera nayo kuno ku Yuma, kutentha kukanyanya n'kubwerera kumpoto. Nyumba ya njerwa tinagulitsa kalekale. Tsopano tinali m'kagalimoto kamene bedi, khitchini, bafa ndi injini zonse zili m'thupi limodzi, ndipo a Orval sankakatchula dzina lina koma kabokosi.

Anzathu apa paki ya makalavani tinawauza kuti vuto ndi mawondo anga, masitepe aja. A Orval nawonso ankadziwa choncho. Linali bodza langa. Zoona zake n'zakuti mu Okutobala, tikutsika kubwera kuno, anakhota pamalo omwetsera mafuta ku Nebraska ngati kumbuyo sakukoka kanthu, kalavani n'kukhula chipilala chachitsulo mbali yonse. Munthu woti anayendetsa malole a tirigu zaka makumi atatu osaswa ngakhale galasi! Mwana wathu Colleen atamva sanazungulire.

"Amayi, adadi ali ndi zaka 79. Zikachitikanso basi, mubwera kuno. Chipinda ndapeza kale, pafupi ndi ine."

Chipindacho ndinachiona pafoni. Windo lake limayang'ana poimika magalimoto a chipatala cha mano. A Orval akakhala malo amodzi nthawi yaitali miyendo imawayabwa, mmenemo sangathe chaka. Ndisanamizire iwo okha, inenso sindingathe.

Ndiye ndinakonza njira yanga. Chikalavani chija sindikanatha kuchikoka, ndipo a Orval sanandilolepo kuyesa. Koma kagalimoto kakang'ono ndikanatha. Pa mzere wachitatu pali Maxine, mayi wamasiye amene amayenda yekha m'kagalimoto kotere, ndudu pakamwa, galu pambali. Lachiwiri lililonse a Orval ankadziwa kuti ndapita kosoka ndi azimayi, pamene ndili kuchipululu kuseri kwa ngalande ndikuphunzira kuyendetsa kagalimoto ka Maxine, iye akundikalipira kuti ndisamaponde buleki ngati ndikupha chinkhanira. Momwe ndidzawauzire amuna anga kuti asunthe pampando wawo, sindinkadziwa. Tsiku lililonse ndinkati mawa.

Kusamuka kunatitengera milungu itatu, ndipo tinakangana kuposa zaka zonse za ukwati wathu. M'chipinda chochapira zovala muli tebulo limene munthu amasiyapo chimene sakuchifunanso, wofuna n'kutenga. Pa paki iliyonse limakhalapo. Ine ndinkapititsako katundu m'mawa, a Orval n'kukamubweza masana. Mabokosi atatu a masipanala. Zowotchera nyama ziwiri. Ndodo zisanu ndi imodzi zowedzera nsomba, munthu woti nsomba yomaliza anagwira Colleen asanakwatiwe.

"Izi n'zofunika," ankatero.

"Zofunika kwa ndani? Mukagona nazo pabedi, ine ndigone padenga?"

Jekete lawo lachisanu, lija laubweya m'khosi, ndinalipititsa atagona tulo ta masana. Madzulo ake Wendell, woyandikana nafe, mkulu wadazi amene kale ankagawa makalata ku Idaho, anatulukira atalivala, dzuwa likuswa mtengo, thukuta kamukamu. Anazungulira nalo malo athu kawiri ngati mkwati. A Orval anaseka, koma usiku womwewo jekete linapezeka pansi pa matiresi athu.

Tsiku limene ogula anabwera kudzatenga pikapu ndi kalavani, a Orval anamuonetsa bamboyo kakolowekedwe katatu, ngakhale munthuyo ankadziwa kale. Zitatuluka pageti a Orval anaima pamsewu mpaka fumbi litakhazikika. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinadzida.

Kuyambira pamenepo sanakhazikikenso. Ankadzuka kusanache, kukazungulira kabokosi, kumenya matayala ndi phazi, kupukuta magalasi oyera kale. Ankaliza injini m'mawa uliwonse kuti amve kaliridwe kake, n'kuzimitsa, n'kunena kuti ikulira ngati makina osokera. Kangapo ndinawaona atatuluka ndi chipewa, n'kuima pamalo pamene pankakhala pikapu, akusisita matumba.

Amene sanakhalepo moyo umenewu sangamvetse kusiyana kwake. Ndi kalavani, ukafika umamasula, nyumba n'kutsala, iwe n'kumayenda ndi pikapu kulikonse. Ndi kabokosi, kumene wapita nyumba yapitanso. Usanasunthe uyenera kuzula chingwe cha magetsi pachipilala, kumasula payipi ya madzi ndi ya zonyansa, kukhoma makabati onse. Maxine anandilangiza kuti ndizimanga kansalu kofiira pachiwongolero tikaimika, kuti wokhala pamenepo akumbuke kuti tidakali omangirira. Ndinamangadi.

Loweruka lililonse m'mawa azibambo amakumana muholo kumwa khofi ndi kunamizana za mafuta amene magalimoto awo amamwa. Wobweretsa madonasi kuchokera m'tauni, zaka zonsezi, anali a Orval. Milungu iwiri yoyamba anapita pa galimoto ya Wendell, akudandaula njira yonse. Loweruka lachitatu ndinali m'bafa, sopo ali thoo m'mutu, pamene ndinamva injini. Sindinalabadire, ndinati ndi mwambo wawo uja wa m'mawa.

Kenaka pansi panasuntha.

Ndinamva kuti phwa! kumbuyo, kenaka china chikukwekwereka pamiyala. Madilowa anatseguka onse nthawi imodzi. Mazira amene ndinasiya patebulo anauluka, ketulo n'kugubuduka, mbale n'kutsatira. Ndinakuwa dzina lawo, koma timakina tawo ta m'makutu tothandiza kumva tinali pashelefu pamene amatisiya pogona. Ndinakulunga thaulo, n'kutuluka ndikugwira makoma, maso akuwawa ndi sopo. Pawindo ndinaona Maxine ataima ndi galu wake, kukamwa kuli yasa. Tinali titadutsa kale mzere wachitatu, tikulowera kugeti. A Orval ankayendetsa bwinobwino, chigongono pawindo, akuimba kamluzu. Kansalu kofiira kanali m'thumba la malaya awo, kakusuzumira.

Ndinawagwira paphewa. Anaponda buleki mwamphamvu moti ndinagwada pakati pa mipando iwiri.

"Nadine! Mukutani m'pikapu muno? Mwakwera nthawi yanji?"

Nkhope yawo ya nthabwala ndimaidziwa, ndakhala nayo zaka makumi asanu ndi zitatu. Sinali imeneyo. Ankandiyang'ana modabwa zenizeni, mkazi wonyowa wa thaulo amene watulukira kumene kulibe khomo. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono. Anaona bedi losayala, mazira pansi, chitseko cha bafa chikugwedera. Anayang'ana nthawi yaitali. Apa ine mantha anandigwira kuposa pamene pansi pankasuntha.

Panja anthu anali atatuluka kale, ena ndi makapu m'manja. Kumbuyo kwathu chingwe chinali chitagona mumsewu ngati mchira, ndipo pamalo athu madzi ankathovoka kuchokera pampope. Mwamwayi payipi ya zonyansa inali yotseka. Wendell anafika pawindo akupukuta misozi ya kuseka.

"Achimwene, madonasi ake ndi angati oti mupite ndi nyumba yonse? Ndi mayi omwe, osawapatsa mpata wovala?"

"Musiyeni mnzanu," anatero Maxine, koma nayenso akuseka. "Inu simunakoke chipilala mpaka kuchimbudzi cha anthu onse?"

"Changa chinali chowola kale! Orval, musadandaule, aliyense wochoka ku kalavani amachita kamodzi. Mwalowa m'gulu. Pulagi yanu tikaikhoma muholo lero lomwe."

N'zoona, muholo muli thabwa limene amakhomapo mapulagi oduka, lililonse ndi dzina la mwini wake pansi. Alipo oposa khumi. Nditamva zimenezo mtima unatsika, ndisabise. Nkhaniyi inali itapeza kale dzina labwino. Ndi cholakwa cha aliyense, choseketsa, chosayenera kufika ku Fargo. Ndikanangoseka nawo, n'kukolopa mazira, n'kupitiriza kunena kuti mawa.

Koma anthuwo sanamve funso la a Orval lija. Ndinalimva ndine ndekha.

Ndinavala diresi msangamsanga, tsitsi likadali ndi sopo. Azibambo anapita kukatseka madzi ndi kukulunga chingwe. Nditabwerera kutsogolo ndinapeza a Orval akadali pampando, manja onse pachiwongolero, injini itazima. Ndinawapatsira timakina tawo, anativala osandiyang'ana. Kumbuyo kwathu kunaima galimoto ina yofuna kutuluka, mwini wake akudikira mwaulemu.

"Musamuuze Colleen," anatero chapansipansi.

"Za chingwe sindimuuza."

"Nanga zinazo?"

Ndiye kuti ankadziwa. Ndinakhala pampando wanga n'kutseka windo kuti Wendell asamve.

"Zinazo sindingazimeze, Orval. Lero ndi mazira. Mawa ndi mwana wa eni ake panjinga."

"Ndiye basi. Muimbireni, tizipita ku chipinda chakecho."

"Ine ku Fargo sindipita. Sunthani."

"Ndisunthe? Ayendetse ndani, galu wa Maxine?"

"Ine."

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Inu? Munthu woti ngolo ya m'sitolo mumagunda nayo mashelefu?"

"Lachiwiri lililonse, kuseri kwa ngalande. Miyezi iwiri tsopano. Kubwerera chambuyo ndimatha, pamsewu waukulu ndafikapo kanayi."

"Kosoka kuja?"

"Munaonapo chimene ndasoka?"

Ndinkaona akulumikiza zinthu chimodzichimodzi, ndipo khosi lawo linafiira.

"Mawondo aja," anatero.

"Analibe vuto. Layamba lero, mmene mwandigwetseramu."

"Mwandigulitsitsa pikapu yanga ndi bodza, Nadine."

"Eya. Ndipo nditati ndibwerere, ndinganamenso."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinali wokonzeka kubweza. Sanakalipe. Galimoto ya kumbuyo inaliza hutala kamodzi, kapang'ono. M'kabokosi munthu angathe kuchoka pampando wina kupita pa wina osatsika, palibe wakunja angadziwe. Ndinadzipanikiza kuti adutse. Koma a Orval anatsegula chitseko chawo n'kutsika. Anayenda kuzungulira kutsogolo kwa galimoto, pamaso pa azibambo onse a khofi, msana uli chilili, chipewa chili bwino pamutu. Wendell anatsegula pakamwa kuti aponye ina, ataona nkhope yawo anatseka. A Orval anafika mbali yanga n'kugogoda pagalasi.

"Mwakhala pamalo panga," anatero.

Ndinasamukira pachiwongolero. Kiyi ndinamutembenuza kawiri injini isanalire. Mpando unali kutali, ndinaukokera kutsogolo, ndipo phokoso lake linamveka ngati ndathyola chinthu. Maxine anandikwezera chala chachikulu, ine osamubwezera. Tinatuluka pageti pang'onopang'ono, mbale zosweka zikulira kumbuyo, n'kukhotera kumanja kulowera m'tauni.

Msewu umenewo ndi wowongoka, minda ya letesi mbali zonse. Ndinagwira chiwongolero mpaka zala zinachita dzanzi. A Orval sanandiuze kuti chepetsani, sanandiuze kuti onjezani, chinthu chimene sindinkayembekeza. Ankangosuntha pampando. Anakonza lamba. Anatsegula kadilowa ka kutsogolo, n'kutseka. Anaika chigongono pawindo, n'kuchichotsa chifukwa chinali cha mbali yolakwika. Titayandikira mphambano, lole ya masamba ikubwera chakumanzere, ndinaona phazi lawo lamanja likuponda pansi popanda kanthu.

Titadutsa anapumira m'mwamba.

"Nadine, kodi mbali inoyi munthu amatani?"

"Amaopa," ndinatero, maso ali pamsewu. "Amaopa, koma amakhala chete."

"Zaka zonsezi?"

"Ziwiri zomalizazi."

Anaika manja pakati pa mawondo, ndipo sananenenso kanthu mpaka tinafika m'tauni.