Mapepala a ku Zobue

"Awa si amuna anga," anatero mayi Rozina akubweza pepala patebulo. "Malemu sanadwalepo nthomba."

Malita anachita manyazi. Zoonadi, nkhope ya malemu inatuluka yamadonthomadontho. Mawa lake kunali mwambo wa chiliza kwa Nthache, ndipo mayiwo ankafuna mapulogalamu makumi asanu okhala ndi chithunzi chimodzi chokha chimene amuna awo anasiya. Mapepala abwino anali atatha m'kashopu kosindikizira ka Malita, ndiye iye anagula ena kwa dalaivala wa thiraki wochokera ku Zobue. Anali okutidwa mokongola.

A Timoti, telala wa pakhonde, analowa osaitanidwa monga mwa nthawi zonse. Kale anagwirapo ntchito kosindikiza mabuku ku Blantyre, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Anasisita pepalalo ndi chala.

"Chikomekome cha mkuyu, achemwali, m'kati muli nyerere. Makina anu alibe mlandu, pepalali ndi lokhakhala. Kufakitale amalidutsitsa pakati pa zitsulo zolemera, zotentha, zimalipsinja mpaka lisalale. Ili analithamangitsa. Inki ikungokhala pa timitunda, m'timaenje siikulowamo."

"Zitsulo zotentha?" Malita anasuzumira pakhonde. "Bwerekeni simbi yanu."

"Mwayamba kusita mapepala? Mawatu muwachapanso!"

Malita sanaseke nawo. Iye anaika mayi ake m'manda popanda ngakhale chithunzi, ndipo mpaka lero zimamuwawa. Sakanalola mayi Rozina kupita kumanda ndi nkhope ya mlendo.

Pepala loyamba linapserera. Lachiwiri linapindika ngati tsamba la fodya. Mayi Rozina anayamba kumanga chitenje kuti azipita.

"Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Malita. "Takhalani pang'ono."

Lachitatu analiyala pa galasi la kauntala, n'kuphimba ndi kansalu, n'kutsamira simbiyo ndi thupi lonse, uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. Litazizira analilowetsa m'makina.

Silinafike pa mapepala a ku Blantyre, koma madontho aja anachepa. Mayi Rozina analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika chala pakamwa pa malemu, pamene panaoneka kampata ka mano.

"Ndi iwowa," anatero chapansipansi, n'kukhala pansi.

Malita anayang'ana mulu wa mapepala otsala.

"A Timoti, onjezerani makala. Mathalauza anuwo adikire."