Dothi la Pakati pa Manambala

A Goodson, kapitawo wa othyola tiyi komanso mkulu wa mpingo, anagula rauta imodzi ya intaneti, koma oidyerera anali mzere wonse wa nyumba za paesiteti. Anthu amene kale sankawapatsa ndi moni womwe anayamba kudzatsamira khoma lawo, ati kuthawa mphepo, maso ali pafoni. Bandulo ya intaneti inkatha ngati shuga wa pamaliro.

Lachisanu lina zinthu sizinali zoseketsa. Mwana wawo Triza anali atachira ku Limbe, ndipo analonjeza kuwaonetsa mdzukulu pavidiyo Loweruka masana. Pasiwedi ya rauta inayenera kusinthidwa dzuwa lisanalowe, pakuti Sabata likayamba, a Goodson sagwira ntchito ngakhale ya chala chimodzi.

Anaimbira mkamwini wawo, amene anawawerengera adiresi yolowera mu rauta: wani naini thu, doti, wani sikisi eyiti, doti, mpaka kumapeto. A Goodson sankakondwera ndi anthu a m'tauni omeza zilembo, choncho polemba m'foni anamukonzera: 192dothi168dothi0dothi1. Sizinawadabwitse konse. Minda ya tiyi nayonso ili ndi manambala, ndipo pakati pa munda ndi munda pamakhala dothi.

Foni inakana. Anayesa kulemba nthaka, inakanabe. Mkamwini atafunsa ngati aikamo doti, anamuyankha kuti alilemba bwino kuposa mmene iye analitchulira.

Dzuwa litafika pansonga za mitengo ya bulugama, Everson, woyendetsa thirakitala wa khomo loyandikana, anachoka pakhoma paja n'kudzasuzumira.

"A kapitawo, si dothi la kumunda ayi. Ndi kadontho aka. Bweretsani kuno, Sabata lingakupezeni muli m'munda."

Anakonza adiresiyo, tsamba la rauta n'kutseguka, ndipo anafunsa pasiwedi yatsopano yoti alembe. A Goodson anamunong'oneza, namuchenjeza kuti asauze munthu.

"Ine? Ngakhale mayi a kunyumba sadzaimva."

Everson anasungadi chinsinsi. Loweruka pakhoma panalibe ndi mmodzi yemwe. Ataweruka kutchalitchi, banja lonse linaunjikana pafoni. Triza anakweza khanda, a Goodson anaona chipumi ndi khutu limodzi, kenako chithunzi chinauma. Bandulo inali itatha.

Nthawi yomweyo, m'nyumba mwa Everson munamveka kutsonya. Filimu yake nayonso inali itaima pokoma.